Kodi ndisiye ntchito ya pa wailesi ndikachite masitazi ya zofalitsa mauthenga?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene agwira ntchito zaka zingapo pa wailesi ya m'dera m'chigawo cha kummwera. Ali ndi digiri yoyamba ya utolankhani, malipiro awo sakukwera, ndipo anzawo amene analowa m'mabungwe omwe si aboma akuwauza kuti masiku ano munthu wopanda masitazi saitanidwa n'komwe ku intaviyu. Akufunsa ngati kuli koyenera kusiya ntchito kuti akachite digiri yachiwiri ya zofalitsa mauthenga, komanso ngati ndi bwino kukaichitira kuno kumudzi kapena kunja.

Achemwali, yankho langa ndi lakuti mukachite digiriyi ngati muli ndi funso limene lakhala likukusowetsani mtendere pa ntchito yanu, ndipo mudikire kaye ngati chimene chikukukankhani ndi malipiro okha. Ndikunena zimenezi chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti kumeneko akaphunzira kulemba nkhani bwino kapena kuwulutsa mawu mwaluso kuposa kale, pamene zoona zake n'zakuti maluso amenewo munawapeza pa digiri yoyamba ndi mu situdiyo. Pa masitazi mudzakhala mukuwerenga maganizo a akatswiri pa za mmene uthenga umayendera pakati pa anthu, mudzaphunzira njira zochitira kafukufuku, ndipo pamapeto mudzalemba nokha kafukufuku wautali amene aphunzitsi ena adzamuunike mosanyengerera. Munthu wopanda funso lake amavutika kwambiri pa gawo lomalizali, ndipo ena amamaliza maphunziro onse a m'kalasi koma n'kukhala zaka osalandira digiri chifukwa kafukufuku waima.

Mafunso otere ife sitisowa. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo ndi maboma ena oyandikana nawo, anthu angapo anaphedwa pongoganiziridwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'madera ena kwa kanthawi. Apolisi ndi akuluakulu a boma anayankhula pa wailesi kuti nkhaniyo ndi yabodza, koma anthu anapitiriza kugona panja m'magulu ndi kutseka misewu usiku. Mu Meyi 2021 dziko lino linawotcha katemera wa Covid-19 pafupifupi 20,000 amene anatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito, pa nthawi imene mauthenga oopseza anthu za katemerayo anali ponseponse pa WhatsApp. Mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 unapha anthu oposa 1,700, ngakhale kuti uthenga wa kusamba m'manja ndi kuthira kolorini m'madzi unkamveka tsiku ndi tsiku. Pa nkhani zonsezi uthenga unalipo ndithu. Chimene wophunzira masitazi amafufuza ndi chifukwa chake anthu anakhulupirira mnansi wawo kuposa wailesi, kuti ndani amamveredwa pamudzi pakagwa mantha, komanso ngati vuto linali uthenga weniweniwo kapena kusowa kwa madzi abwino oti uthengawo utsatidwe.

Apa ndi pamene inu muli ndi mwayi umene ophunzira ambiri alibe. Mwakhala mukulandira mafoni a omvera, mukudziwa mapulogalamu amene amayi amatsekera wailesi ndi amene amaitanirana kuti amvere limodzi, ndipo mwina mwayendapo m'magulu omvera wailesi m'midzi. Nthambi ya maphunziro imene imaona za mauthenga a chitukuko inakula kuchokera m'zinthu zoterezi. Nora Quebral wa ku Philippines anaikhazikitsa pa yunivesite ya ku Los Baños m'zaka za m'ma 1970 poganizira alimi, ndipo kuno kwathu Pulofesa Christopher Kamlongera ndi anzawo a ku Chancellor College anatchuka pogwiritsa ntchito zisudzo kuti anthu akumudzi azikambirana okha mavuto awo m'malo mongouzidwa zochita. Zimene mumaona ngati ntchito wamba ya tsiku ndi tsiku zikhoza kukhala maziko a kafukufuku wolimba.

Pa funso la kumene mungakaphunzire, kuno kuli MUBAS ku Blantyre, imene inali Polytechnic isanaime payokha mu 2021, ndi University of Malawi ku Zomba, ndipo konseku maphunziro a zofalitsa nkhani ndi mauthenga ali ndi mbiri yaitali. Ubwino wophunzira kuno ndi wakuti mukhoza kusunga ntchito, fizi mumalipira m'makwacha, ndipo anthu amene mukufuna kuwafufuza ali pafupi. Mukasankha sukulu ina iliyonse, makamaka zophunzitsa pa intaneti zimene zimadzitsatsa pa Facebook, yambani mwafunsa ku bungwe la NCHE, loyang'anira maphunziro a ukachenjede m'dziko muno, ngati pepala lake ndi lovomerezeka.

Ku South Africa kuli Rhodes University ku Makhanda, Wits ku Johannesburg ndi University of KwaZulu-Natal ku Durban. Kumeneko mapepala anu adzayamba aunikidwa ndi bungwe la SAQA, limene limaona ngati mapepala a maphunziro ochokera kunja akufanana ndi a m'dzikolo, ndipo nthawi zina munthu amauzidwa kuti ayambe wachita chaka cha onazi, maphunziro a pakati pa digiri yoyamba ndi yachiwiri, asanalowe masitazi, choncho muwerengere nthawi ndi ndalama za chaka chimenecho. Ku Britain masitazi yambiri imatenga chaka chimodzi chokha. Sikolashipu ya Chevening, ya boma la Britain, imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka zosachepera ziwiri, ndipo amene waipeza amalonjeza kubwerera kwawo kwa zaka ziwiri akamaliza. Zaka zanu za pa wailesi zikukwanira. Koma ndikupempheni ndi mtima wonse kuti musatenge ngongole kapena kugulitsa malo kuti mudzilipirire nokha m'mapaundi. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene ankalipira fizi kunja anaona ngongole yake ikukula asanabwereke khobidi lina.

Kunena za ntchito, anzanu aja sakunama kwenikweni. Mabungwe akuluakulu a zaumoyo ndi chitukuko amakonda kulemba masitazi pa zofunika za maudindo oyang'anira mauthenga osintha khalidwe, ndipo amene akufuna kuphunzitsa pa yunivesite sangaizembe. M'nyumba zofalitsa nkhani zinthu ndi zosiyana, chifukwa kumeneko malipiro amatsata ndalama za otsatsa malonda, ndipo pepala latsopano silisintha zambiri. Ngati mtima wanu uli pa maikolofoni ndipo simukufuna kuchoka, maphunziro afupiafupi a utolankhani wofufuza kapena wa kasanthulidwe ka ziwerengero angakuthandizeni msanga ndi ndalama zochepa.

Musasiye ntchito kalata yokulandirani ndi umboni wa amene adzalipire fizi zisanafike m'manja mwanu, pakuti akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pakadali pano lembani tsamba limodzi lofotokoza funso lanu, dera limene mudzafufuze ndi anthu amene mudzayankhule nawo. Kenako fufuzani aphunzitsi awiri kapena atatu amene analembapo za nkhani yofanana nayo, muwerenge zimene analemba, ndipo muwatumizire tsambalo mwaulemu. Amene adzayang'anire kafukufuku wanu ndi wofunika kuposa dzina la sukulu, choncho funsaninso ophunzira amene anadutsa m'manja mwawo kuti amatenga nthawi yaitali bwanji kubweza chaputala chimene apatsidwa kuti awerenge.