Za stent ya kummero, yankho kwa achemwali a ku Kasungu

Achemwali mwati bambo anawaika stent kummero ku Lilongwe sabata yatha chifukwa cha khansa, pano pachifuwa pakuwawa komanso nsima yayambanso kukana, ndiye mukufunsa ngati zimatero. Pepani kwambiri ndi matendawa, ine ndinadwazikapo amalume kuno ku Mchinji pa vuto lomweli.

Stent ija ndi kachubu ka mawaya olukana, amakalowetsa kali kofinyika kudzera pakamwa, kenako kamafutukuka kokha kwa tsiku limodzi kapena awiri kukankhira chotupacho m'mbali. Ndiye ululu wa pachifuwa masiku oyambirira umakhalapo ndithu, asamangopirira, kafunseni ku palliative care (gawo lothandiza odwala kuchepetsa ululu) pachipatala cha boma awapatse mankhwala amphamvu.

Koma za nsimazo ndi zomwe zandidetsa nkhawa. Kachubuka sikakankha chakudya ngati mmene mmero umachitira, chakudya chimangotsetsereka chokha, ndiye mbamu ya nsima yolimba, nyama, buledi, usipa wa minga, mango a ulusi aja, chinangwa, zonsezi zimatha kutsakamira pamenepo. Apatseni phala la Likuni lamadzimadzi lothira chiponde, mazira ophwanya, nthochi yakupsa, mbatata yoponda ndi msuzi wambiri, pang'onopang'ono atakhala tsonga, azitafuna mpaka zisalale, azipsontha madzi pakatipakati ndipo akamaliza kaFanta kapena Coke pang'ono kamathandiza kutsuka kachubuko. Mapilisi akuluakulu funsani adokotala ngati mungawaphwanye. Asagone atangodya, padutse maola 2 kapena 3, ndipo kumutu kwa bedi ikani njerwa kukwere, chifukwa stent ikafika pakhomo pa chifu asidi amabwerera mmwamba, chilungulira chake chimavuta ndipo usiku zimatha kulowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo.

Chinanso kachubuka kamatha kusuntha n'kugwera m'chifu, kapena pakapita miyezi chotupa chimakula n'kutseka kumapeto kwake. Abale amvetse bwino apa, stent sichiza khansa ayi, imangotsegula njira kuti munthu adye. Kakasuntha kapena kutsekeka, madokotala amaona ndi ekisire kapena kamera, amatha kuchotsa chotsakamiracho, kukonza stent kapena kuika ina mkati mwa yoyambayo.

Mukaona akusanza magazi ngakhale pang'ono, chimbudzi chakuda bii ngati phula, thupi kutentha ndi ululu woopsa pachifuwa, kubanika, kapena akutsokomola nthawi iliyonse akamwa madzi (apo mwina paboola kulowa njira ya mpweya), malovu osamezeka, musadikire kuche, thamangani ku chipatala cha Kasungu akutumizeni ku Kamuzu Central. Chonde osakankhira ndi chala kapena kuwakakamiza kumeza kuti zitsike.

Lero siyani kaye nsimayo muyese zamadzimadzi zokha. Ngati phala nalo likubwerera musadikire deti yomwe anakulemberani, nyamulani buku lawo la kuchipatala mupite lero lomwe.