Mayi telala, mwana wanuyo akusoka ndithu, kungoti nsalu yake ili pa kompyuta

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amasoka pakhonde la sitolo ku Luchenza. Mwana wawo wamkazi ali Fomu 3, ndipo akuti chiyambireni chaka chino, akangoweruka kusukulu amabwereka foni ya achimwene ake n'kuyamba kujambula timalaya ndi timadiresi toveka anthu a m'magemu. Tsopano wayamba kupempha laputopu. Mayiwo akufunsa kuti: kodi imeneyi ndi ntchito kapena masewera chabe? Amuletse kuti alimbikire za mayeso, kapena akakongole ndalama ku banki m'khonde kuti amugulire? Mwanayonso waikapo funso lake kumunsi kwa kalatayo. Akuti zovala zimene amajambula zimaoneka ngati penti yopaka pakhungu, osati nsalu, ndipo sakudziwa poyambira kukonza.

Mayi, ndiyambe ndi inu. Nditawerenga kalata yanu ndinakondwa, chifukwa chinthu chimene chimazunguza mitu ya ana ambiri oyamba luso limeneli, inu mumachichita tsiku lililonse ndi lumo ndi choko.

Munthu wa mu gemu kapena m'katuni amayamba ngati chidole chotuwa, chopanda mtundu, choumbidwa ndi timakona tambirimbiri. Kuti aoneke atavala jinzi kapena chitenje, pamafunika chithunzi chafulati choti chikutire chidolecho. Chithunzi chimenechi ndiye chimatchedwa texture. Vuto ndi lakuti chithunzi n'chafulati pamene thupi lili ndi mapewa, chiuno ndi zigongono. Ndiye taganizani za kasitomala amene wakubweretserani bulauzi ya pakaunjika n'kunena kuti, "Mundisokere ina ngati yomweyi." Mumamasula misoko yonse, n'kuyala zidutswazo patebulo: cha kutsogolo, cha kumbuyo, mikono iwiri, kolala. Kenako mumazisanja pansalu mosamala kuti isaonongeke yambiri. Pa kompyuta amachita chimodzimodzi, ndipo ntchito imeneyi amaitcha UV unwrapping. Mu pulogalamu ya Blender muli lamulo lakuti Mark Seam, kutanthauza kusonyeza pamene msoko udutse. Mwana amene sanaonepo malaya atamasulidwa amaika msoko pakati pa chifuwa, ndipo maluwa a nsalu amadukira pamenepo moonekera. Inu mukudziwa kuti msoko umabisala m'mbali, pansi pa mkono ndi pamapewa. Mukudziwanso kuti nsalu ya mizeremizere imafuna kuti mizereyo ikumane pamsoko, komanso kuti mkono ukadulidwa mopingasa, maluwa ake amayang'ana kwina. Anthu amalipira ndalama kuti aphunzire zimenezi pa intaneti, pamene mwana wanu ali ndi mphunzitsi m'nyumba momwemo.

Choncho musamuletse. Koma musathamangirenso ngongole. Ndibwereranso ku nkhani ya laputopuyo.

Tsopano iwe mwanawe. Chimene chikuchititsa kuti zovala zako zizioneka ngati penti n'chakuti ukujambula mtundu wokha, pamene nsalu ili ndi zambiri kuposa mtundu. Loweruka likubwerali khala pafupi ndi makina a mayi ako, utenge zidutswa zitatu zotsala: cha chitenje, cha jinzi, ndi cha nsalu yonyezimira ija amasokera operekeza akwati. Uziike padzuwa, uzitembenuze pang'onopang'ono. Chitenje sichibweza kuwala, jinzi ili ndi timizere topendekeka timene ungatimve ndi chikhadabo, pamene ya ukwati ija imang'anima pamene papindika. Amisiri a magemu amagawa zimenezi m'zithunzi zosiyana. Choyamba ndi base color, mtundu weniweni wopanda mthunzi. Chachiwiri ndi roughness, chithunzi cha zoyera ndi zakuda chouza kompyuta kuti pati pang'anime ndipo pati pakhale mbuu. Poyera sipawala, pakuda pamanyezimira. Chachitatu ndi normal map, chimene chimaoneka chabuluu wopita ku pepo. Ichi chimanamiza kuwala kuti pakhale ngati pali timabampu ndi timaenje, ngakhale chidolecho chili chosalala. Ulusi wa msoko, mpendero wa siketi ndi makwinya ang'onoang'ono zimakhala m'menemo. Palinso metallic, koma pa zovala imangogwira ntchito pa zipi, mabatani achitsulo ndi chomangira lamba. Ukangoonjezera roughness ndi normal map pa zimene ukuchita kale, udzaona wekha diresi ikusanduka nsalu.

Chinthu china chimene oyamba amaiwala n'chakuti chovala chimakhala ndi mbiri. Taona thalauza la munthu wa kabaza: limasuluka m'maondo ndi kumbuyo kumene limakhuzana ndi chishalo. Kolala ya yunifomu imada m'kati, pamene imakhudza khosi. Thumba la shati limafutukuka pakamwa chifukwa cha foni ndi cholembera. Ukamadutsa m'minda ya tiyi ya ku Thyolo m'mawa, yang'ana othyola tiyi: chovala chapulasitiki chimene amamanga m'chiuno chimakalikakalika kutsogolo chifukwa cha nthambi, malaya amathetheka pamapewa pamene pamadutsa zingwe za dengu, ndipo m'munsi mwa chitenje mumakhala monyowa ndi mame komanso mofiira ndi dothi. Ine ndikaona ntchito ya mwana, ndimayang'ana zimenezi poyamba. Chovala chimene chili chimodzimodzi kuyambira kukhosi mpaka kumapazi chimaoneka chabodza, ngakhale utachijambula mwaluso chotani.

Nsalu yoyambira usaifune kutali. Ijambule ndi foni yomweyo. Isite kaye, uiyale pansi, foni uigwire molunjika pamwamba pake, osapendeketsa. Usajambule padzuwa lamphamvu, chifukwa mithunzi imalowa m'chithunzi, ndipo kompyuta ikadzaonjezera kuwala kwake zinthu zimasokonekera. Apa ife a kuno tili ndi mwayi: tsiku la chiperoni, pamene phiri la Mulanje labisala m'mitambo ndipo aliyense akudandaula kuzizira, ndilo tsiku labwino lojambula nsalu, popeza kuwala kumafika mofanana paliponse. Ukatero uyenera kukonza chithunzicho kuti chikamabwerezedwa m'mbali ndi m'mwamba pasaoneke polumikiza. Mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya GIMP gwiritsa ntchito lamulo la Offset, usunthe chithunzi ndi theka m'litali ndi theka m'lifupi. Polumikiza ponse padzabwera pakati ngati mtanda, ndipo uzifufuta pang'onopang'ono ndi chida cha Clone mpaka mtandawo utazimirira. Mu pulogalamu yojambulira ya Krita muli Wrap Around Mode imene imakuonetsa chithunzi chikubwerezedwa pamene ukujambula. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, sindikubisira, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Samalanso kukula kwa maluwa. Ndaonapo ana ambiri ataveka chidole chitenje chimene duwa limodzi likuposa mutu wa munthu, kapena maluwa ang'onoang'ono ngati mchenga. Tenga tepi ya mayi ako, uyeze duwa lenileni, uyezenso kutalika kwa siketi, uwerenge kuti maluwa angati akukwana kuchoka m'chiuno kufika kumpendero. Pa kompyuta akhalenso omwewo. Usanaike nsalu yako, yamba waveka chidolecho chithunzi cha timabokosi ngati bolodi la drafuti. Blender imapanga yokha chithunzi chotere, chotchedwa UV Grid. Pamene timabokosi tatalika kapena tafinyika, dziwa kuti nsalu yakonso idzakokeka pomwepo, ndipo ubwerere ukakonze misoko. Kukula kwa chithunzi kukhale mapikselo (timadontho topanga chithunzi) 1024 kapena 2048 mbali zonse. Za 4096 uzisiye kaye, zimangolemetsa kompyuta.

Mapulogalamu onse amene ndatchulawa ndi aulere ndipo ndi ololedwa, si akuba ayi. Blender inayambitsidwa ndi Ton Roosendaal wa ku Netherlands, ndipo yakhala yaulere kwa aliyense kuyambira mu 2002. Ngati sukufuna kuyamba ndi kuumba thupi, MakeHuman imakupangira munthu, ndipo VRoid Studio ya kampani ya Pixiv ya ku Japan imakulola kujambula pachovala n'kumaona pompopompo m'mene chikukhalira pathupi. Pa mawebusaiti a Poly Haven ndi ambientCG pali nsalu zokonzakonza zimene aliyense angatenge mwaulere. Utengeko imodzi, utsegule zithunzi zake chimodzichimodzi, uone m'mene akatswiri anachitira roughness ndi normal map. Udzamva anthu akutama Substance 3D Painter ya Adobe ndi Marvelous Designer. Ndi zabwinodi, ndipo makampani akuluakulu amagwiritsa ntchito zimenezo, koma n'zolipira, ndipo pa msinkhu wakowu sizikusowa. Chenjezo limodzi: mu Blender, chithunzi chimene ukupenta chimafuna kuchisunga pachokha, kupatula fayilo yaikulu. Ndi m'mene magetsi amathimira kuno, zolowera kusunga zonse ziwiri pafupipafupi.

Mayi, za laputopu tsopano. Pa miyezi itatu yoyambirira foni ikwanira. Pali pulogalamu yojambulira ya ibisPaint X imene imagwira pa foni za Android, ndipo patani ya malaya a mu gemu ya pa intaneti ya Roblox ndi kachithunzi ka mapikselo 585 m'lifupi ndi 559 m'litali basi. Kujambula nsalu, kuphunzira misoko, kujambula pamanja m'kope, zonsezi sizifuna laputopu. Ngati kusukulu kwawo kuli chipinda cha makompyuta, akapemphe aphunzitsi. Blender ili ndi mtundu wotha kuyenda kuchokera pa fulashi popanda kuiika m'kompyuta. Mugwirizane naye kuti pofika kumapeto kwa teremu akuonetseni zovala zisanu zomaliza, ndipo magiredi ake asatsike. Akakwanitsa, pamenepo mungayambe kusunga ndalama pang'onopang'ono, osati kukongola. Podzagula yogwiritsidwapo kale ntchito ku Limbe, mupite ndi munthu wodziwa, aonetsetse kuti RAM ndi yosachepera 8GB, batire ikusunga moto, ndipo aikemo Blender aitsegule muli pomwepo musanapereke ndalama. Mbewa ya kompyuta yokhala ndi kagudumu pakati ndi yofunika kwambiri kuposa cholembera chojambulira chokwera mtengo.

Funso lanu lalikulu linali lakuti kodi imeneyi ndi ntchito. Kunja ndi ntchito yeniyeni, ya anthu amene amangochita zovala zokha m'makampani a magemu ndi mafilimu. Kuno kwathu, malo olemba munthu ntchito imeneyi yokha ndi ochepa kwambiri, ndipo ndikanakunamizani ndikanati akamaliza Fomu 4 aipeza ikumudikira. Koma luso lake limatsegula makomo ena amene alipo kale: kukonza zotsatsa malonda, kujambula mapatani a zitenje za mipingo ndi mabungwe, kudinda matisheti, makatuni ophunzitsa zaumoyo ndi zaulimi, ngakhalenso kuonetsa kasitomala wanu m'mene diresi yake ya chinkhoswe idzaonekere nsalu isanadulidwe. Ntchito zochokera kunja zimabwera kwa amene ali ndi zoonetsa, n'chifukwa chake amisiri amaika ntchito zawo pa webusaiti ya ArtStation. Kumeneko chovala cha Tchopa kapena chilundu chomangidwa bwino chidzaoneka chachilendo pakati pa majekete ofanana zikwizikwi, ndipo chimenecho ndi chuma chimene mwana wanu ali nacho kale.

Sukulu ndiye asaiseweretse. Kuti asankhidwe kupita ku yunivesite ya boma kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, pamafunika makirediti asanu ndi limodzi pa MSCE, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo maphunziro a kompyuta amafuna Masamu abwino. Yunivesite ya MUST ili pakhomo pomwepa ku Ndata m'boma la Thyolo, inatsegulidwa mu 2014, ndipo ili ndi maphunziro a kompyuta komanso sukulu ya zachikhalidwe. Ku MUBAS ku Blantyre kulinso za kompyuta, pamene ku University of Malawi ku Zomba kuli maphunziro a zojambulajambula. Njira ina ndi ya TEVETA, kumene angaphunzire zosoka ndi kukonza mafashoni, n'kuphatikiza ndi luso lake la pa kompyutali. Ine njira imeneyi sindiiona ngati yotsika m'pang'ono pomwe, makamaka kwa mwana wa telala. Chingerezi achilimbikire pa chifukwa chinanso: maphunziro ambiri aulere a pa YouTube ali m'chilankhulo chimenecho.

Pali zinthu ziwiri zoti nonse awiri musamale. Maluwa a pa chitenje chogula ali ndi mwini wake amene anawajambula, ndipo lamulo la Copyright Act la 2016, limene bungwe la COSOMA limayang'anira, limateteza ntchito zotere. Kujambula chitenje kuti aphunzirirepo kunyumba palibe vuto, koma chimene akufuna kugulitsa kapena kuonetsa ngati chake, patani yake ajambule yekha: masamba a tiyi, nanazi, mkungudza wa m'phiri, zilipo zambiri. Chachiwiri, pa intaneti pali anthu amene adzamulonjeza ntchito ya madola koma ayambe watumiza ya kalembera pa Airtel Money kapena Mpamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere; wolemba ntchito weniweni salipiritsa. Ndalama za mu gemu monga Robux za mu Roblox si ndalama za m'thumba, ndipo kuzisandutsa zenizeni kuli ndi malamulo ake ovuta. Popeza ndi mtsikana wachichepere, mlendo aliyense wopempha zithunzi zake kapena nambala ya foni amutsekere pomwepo ndipo akuuzeni.

Loweruka limeneli, mayi, mupezereni bulauzi yakale imene simuigwiritsanso ntchito, mumupatse kalezala amasule yekha misoko yonse. Aiyale pansi, ajambule zidutswazo m'kope ndi kulemba dzina la chilichonse, inu mumuonetse kumene ulusi wa nsalu ukulowera pa chidutswa chilichonse. Iwe mwanawe, ukadzaveka chidole chako bulauzi yomweyo, unditumizire zithunzi ziwiri, cha kutsogolo ndi cha m'mbali pamene pali msoko. Ndikufuna ndidzaone ngati maluwa akumana.