Mayeso okha sachotsa tsankho kwa odwala maganizo

Mng'ono wanga wina amene akuphunzira unamwino wandilembera kuti anzake akuopa kukaphunzira ntchito ku wodi ya odwala matenda a maganizo, ati ukakhalitsa kumeneko nawenso mutu umasokonekera. Akufunsa ngati maphunziro adzawasintha. Funsoli landilasa mtima, ndiye mng'ono wanga, ndikuyankha pano.

Achimwene anga amamwa mankhwala a matendawa. Tsiku lina thupi litatentha kwambiri tinathamangira nawo kuchipatala china. Namwino atangoona m'buku lawo lakuchipatala kuti amamwa chlorpromazine, anati, "Awa ndi a ku Zomba, mukuwabweretseranji kuno?" Sanawayeze n'komwe. Anali malungo, ndipo anatsala pang'ono kutisiya. Namwinoyo anakhoza mayeso a unamwino omwewo amene inenso ndinakhoza, ndiye usandiuze kuti sankadziwa. Ankadziwa, koma pamaso pake sipanali munthu.

N'chifukwa chake ndikuti kalasi lokha silikwanira. Ndipo kaphunzitsidwe kathu nthawi zina kamakulitsa mantha. Wophunzira amapita ku Zomba Mental Hospital kwa milungu yochepa, n'kukumana ndi anthu matenda atafika pachimake. Amene anachira n'kubwerera kukaphunzitsa kapena kukagulitsa mumsika, sawaona. Akaona wodwala akunjenjemera, khosi litauma, malovu akutuluka, amati ndiyo misalayo. Chonsecho nthawi zambiri zimenezi zimabwera ndi mankhwala monga haloperidol, ndipo mankhwala ena otchedwa benzhexol amazichepetsa. Amene sanamufotokozere zimenezi wophunzirayo ndiye wolakwa.

Komanso ana amatengera akulu. Sisitala wa pawodi akamanyoza wodwala, wophunzira amagwira zimenezo msanga kuposa za m'buku. Tsankholi ndi lakale: kwa zaka zoposa 70 dziko lino linkayendera lamulo la atsamunda la 1948, Mental Treatment Act. Za khunyu ndisayambe n'komwe, mpaka lero alipo ovala yunifolomu amene amaopa malovu a munthu wogwa, pomwe khunyu sapatsirana.

Chimandipweteka kwambiri ndi maganizo akuti odwalawa ndi a anamwino apadera, ngati amene amaphunzira ku koleji ya St John of God ku Mzuzu. Amenewo ndi ochepa. Mayi amene wangobereka koma sakudya, sakugona, sakufuna kuyamwitsa, adzakupeza iwe ku mateniti. Mnyamata amene wangoyamba ma ARV n'kumalankhula zodzipha adzakupeza iwe pa chipatala chaching'ono cha kumudzi. Ukamuthawa, apita kwa yani?

Choti uchite

Pemphani aphunzitsi aitane munthu amene anadwalapo n'kuchira kuti adzalankhule m'kalasi mwanu, anzako amufunse mafunso maso ndi maso. Ukafika pawodi, khala pansi ndi wodwala mmodzi, umutchule dzina lake, umufunse za ana ake ndi munda wake. Ndipo wodwala maganizo aliyense wodandaula za m'thupi, muyeze monga umayezera wina aliyense, ngakhale akulu ako atakuseka.