Nyumba ya lendi ikundidyera ndalama: ndigulitse kapena ndikonzetse?

Funso: Ndine mayi wamasiye ndipo ndili ndi nyumba ya zipinda zitatu ku Machinjiri mumzinda wa Blantyre, yomwe malemu amuna anga anamanga ndipo ndimachititsa lendi. Chaka chino denga layamba kudontha, magetsi akumathima okha pa meni switchi, bilu ya madzi yakwera popanda chifukwa, ndipo khoma la pabalaza lachita mng'alu. Ndalama ya lendi ikungothera kwa amisiri, moti ana anga akuti ndingoigulitsa. Kodi nthawi yake yakwana?

Yankho: Pepani mayi ndi chipsinjo chimenechi. Mavuto anayi mwatchulawa salemera mofanana. Atatu oyambawo, mukawakonza bwino kamodzi, mudzapuma kwa zaka zambiri, koma lachinayi ndi limene lingakuuzeni ngati nyumbayo ili yoyenera kuisunga, ndiye musagamule kanthu musanalimvetse.

Denga likamadontha, kawirikawiri malata sakhala atatheratu, koma madzi amalowera pa misomali imene yagwedera kapena pamene malata awiri akumana. Kalipentala alowe m'siling'i masana dzuwa likuswa mtengo, chifukwa mabowo onse amaoneka ngati nyenyezi. Ali momwemo abaye matabwa a denga ndi sikuludiraiva: ikamalowa mosavuta ngati mu mbatata yophika, chiswe chadya mkati ndipo matabwawo asinthidwe malata atsopano asanakhomedwe.

Za magetsi, afunseni alendi anu ngati amathima makamaka mvula ikagwa. Ngati ndi choncho, madzi a padenga akunyowetsa polumikizira mawaya m'siling'i, ndipo kukonza denga kudzachepetsa vutolo. Ngati amathima wina akayatsa hotipuleti kapena ayironi, mwina masoketi ena anakokedwa ndi waya wa 1.5 mm, womwe ndi wa mababu, m'malo mwa 2.5 mm. Itanani mmisiri yemwe ali ndi chiphaso cha MERA (bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta) ayese mawaya onse ndi makina ake. Ndikupemphani ndithu kuti musalole munthu aliyense kulumphitsa switchi yothimayo, chifukwa ndi imene ikuteteza nyumba ku moto ndiponso miyoyo ya anthu ogonamo.

Za madzi mukhoza kuyesa nokha. Tsekani mipopi yonse, lembani manambala a pa mita, dikirani ola limodzi. Akasuntha, paipi ikudontha pansi kapena thanki ya chimbudzi ikutaya madzi, ndipo pulambala amathana nazo zimenezi m'masiku ochepa.

Tsopano mng'alu uja. Ming'alu yopyapyala ngati tsitsi, yoyenda uku ndi uku pa pulasitala, ndi ya pamwamba chabe ndipo siopsa. Woopsa ndi umene ukukwera mopingasa ngati masitepe kutsatira mizere ya njerwa, wotakasuka kumtunda kuposa kumunsi, wooneka mkati ndi kunja komwe, makamaka ngati chitseko chapafupi chayamba kukanika kutseka. Umenewo umasonyeza kuti maziko akutitimira mbali imodzi. Matani kachigamba kochepa ka simenti yopyapyala modutsa mng'aluwo malo awiri kapena atatu, lembani tsiku pambali ndi pensulo, ndipo muziyang'anapo mwezi ndi mwezi kuyambira Novembala mpaka Epulo. Kachigambako kakakhala kosasweka dzinja lonse, nyumba inakhazikika kale ndipo mmisiri angosokerera khomalo ndi tizitsulo n'kupakanso pulasitala. Kakasweka, nyumba ikuyendabe.

Ngakhale itayenda, fufuzani kaye kumene madzi akuchokera. Ndaonapo nyumba imene mwini wake anatsala pang'ono kuitaya pamtengo wolira, pomwe chimene chinkafewetsa dothi pansi pa ngodya chinali paipi yodontha, ndipo poti inunso bilu yanu yakwera, mavuto awiriwa akhoza kukhala ndi gwero limodzi. Madzi a padenga ogwera m'mphepete mwa khoma popanda ngalande amachitanso chimodzimodzi. Zimenezi n'zotheka kukonza. Zosatheka kukonza ndi ndalama ya lendi ndi monga nyumba yomangidwa m'dambo, kapena pamtsetse podutsa madzi ochokera kuphiri, ngati malo amene namondwe Freddy anasakaza ku Chilobwe ndi Soche mu Malichi 2023. Ngati injiniya wa zomangamanga atsimikiza kuti vuto ndi malowo, pamenepo ndikugwirizana ndi ana anu, koma wogula mumuuze zoona zake za khomalo.

Ntchito zonse zikalembedwa mitengo, gawani ndalamayo ndi lendi ya mwezi umodzi kuti mudziwe miyezi imene nyumba idzagwire ntchito yobweza. Kwa ine, ngati maziko ali bwino ndipo ndalamayo ikubwerera mkati mwa zaka ziwiri, kugulitsa n'kutaya chuma. Kumbukirani kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anagulitsa nyumba n'kusunga ndalama kubanki anapeza kuti sizikugulanso simenti ndi malata ochuluka ngati kale. Choncho mugulitse pokhapokha mutadziwiratu chimene mudzagule msanga ndi ndalamazo.

Chinanso, popeza nyumbayo anamanga ndi malemu, onani dzina limene lili pa zikalata za malo. Ngati ndi lawo, simungathe kusainira wogula musanalandire chilolezo cha khoti choyendetsera chuma cha masiye, ndipo lamulo la 2011 lokhudza chuma chimenechi limapatsanso ana gawo lawo. Ntchito ya zikalatayi imatenga nthawi, ndiye iyambeni tsopano pamene mukudikira kuona ngati kachigamba ka pakhoma kasweke dzinja lino.