Mlandu unatha, ndiwotche mapepala? Ayi achimwene, dikirani kaye

Bambo wina wa ku Blantyre wanditumizira imelo, akuti anagundidwa ndi minibasi, anapeza loya kuti awathandize kupeza chipukuta misozi, papita zaka loyayo akungoti "bwerani mwezi wamawa", mapeto ake angouzidwa kuti mlandu unathetsedwa palibe ndalama. Pano mapepala adzaza chikwama ndipo mayi akunyumba akuti angowotcha. Akufunsa ngati pali phindu kuwasunga.

Achimwene musawotche olo limodzi. Fayilo yaikulu ya mlandu wanu ili mu ofesi ya loya, ndiye tsiku lomwe mudzaganize zomusumira kuti anakugwirirani ntchito mosasamala, umboni wonse udzakhala m'manja mwa munthu yemwe mukumusumirayo. Sindikunena kuti maloya onse ndi akuba ayi, ambiri amagwira bwino, koma fayilo imatha "kusowa" nthawi yomwe ikufunika kwambiri ndipo inu mulibe chonena ngati mulibe makope anu.

Nkhani ya nthawi ndiyomwe imagwetsa anthu. Lamulo lathu la Limitation Act limapereka zaka 3 kuti munthu asume pa nkhani yovulala, pomwe milandu ina ya kontrakiti kapena kusasamala ndi zaka 6. Ndiye ngati loya anakhalira mapepala anu mpaka zaka 3 zija kudutsa asanakasume, kapena anasuma koma osalondola mpaka khoti kuuchotsa mlandu, pamenepo pali nkhani. Zaka 6 zomusumira iyeyo musaziwerenge kuchokera tsiku lomwe munauzidwa, kawirikawiri zimayambira pomwe cholakwa cha loyayo chinakupwetekani, choncho pitani kwa loya wina msanga akuwerengereni.

Koma dziwaninso kuti kuluza mlandu pakokha si kulakwa kwa loya. Khoti lidzafuna muonetse kuti akanachita bwino mukanakhala ndi mwayi weniweni wowina kapena wopeza ndalama, ndiye kuti mlandu wa minibasi uja mudzaukambanso wonse mkati mwa mlandu watsopanowu. Apa ndi pomwe lipoti la apolisi, lipoti la dokotala, buku lanu la kuchipatala ndi mayina a mboni zimakhala zofunika kuposa china chilichonse. Onjezani kalata yomwe munasainirana ndi loya, malisiti onse, masamoni, nambala ya mlandu, chigamulo ngati chilipo, ndi pepala lililonse la kampani ya inshuwalansi. Limeneli ndiligogomeze, chifukwa zimachitika kuti inshuwalansi inalipira kalekale kudzera kwa loya mwini wake osadziwa. Zikakhala choncho kadandauleninso ku Malawi Law Society, bungwe la maloya, ali ndi komiti yoona za mwambo wa maloya, koma nakonso adzakufunsani mapepala, sadzangomva pakamwa.

Mameseji a pa WhatsApp ndi umboni, makamaka aja akuti "zonse zili bwino bwana musadandaule". Jambulani ma screenshot tsiku likuoneka, mudzitumizire ku imelo yanu, foni imabedwa. Chimodzimodzi mameseji a Airtel Money kapena Mpamba ngati munkalipira pafoni. Timalisiti tamakina tija timafufutika tokha pakapita miyezi, tipangeni fotokope lero. Mapepala enawo muike mu pulasitiki pamwamba, chiswe ndi chinyezi cha dzinja sizimva zoti ndi zakukhoti.

Chomwe mungachite sabata ino, lembani kalata kwa loyayo yopempha fayilo yanu yonse, mupange makope awiri, imodzi akudindireni sitampa ya ofesi ndi deti muisunge. Ngati muli naye ngongole akhoza kukana kupereka mpaka mulipire, lamulo limamulola, koma mutha kupita ku registry (ofesi yosunga mafayilo) ya khoti lomwe mlandu unali, kaya ndi High Court pa Chichiri kapena kwa majisitireti, ndi nambala ya mlandu ija mukapemphe makope a zomwe zili mu fayilo ya khoti. Kumeneko ndi komwe mukaone ngati anasumadi komanso tsiku lomwe anasuma.