Kodi ndizilipira pulogalamu yosungira mapasiwedi, kapena ya m'foni ikukwanira?

Funso: Ndimagulitsa zovala pa intaneti, ndipo ndili ndi antchito atatu. Mapasiwedi anga onse amasungidwa mu Chrome. Wantchito akafuna kulowa mu imelo ya bizinesi kapena pa Instagram yathu, ndimangomutumizira pasiwediyo pa WhatsApp. Alamu anga akuti ndiyambe kulipira 1Password, koma ine ndikuona ngati n'kutaya ndalama pa chinthu chomwe Google imandipatsa kale chaulere. Akunena zoona ndani?

Yankho: Mayi, mukanakhala nokha pa bizinesiyi ndikanati ndalama zanu sungani. Zosungira zaulerezi masiku ano si zachibwana ayi. Google Password Manager, ngakhalenso pulogalamu ya Passwords yomwe Apple inaika mu iOS 18 m'chaka cha 2024, zimakupangirani pasiwedi yaitali yosiyana pa akaunti iliyonse, zimakuchenjezani ikapezeka pakati pa mapasiwedi obedwa, ndiponso sizilemba pasiwedi yanu pa tsamba labodza lomwe langofanana ndi lenileni. Anthu ambiri amaberedwa chifukwa chogwiritsa ntchito pasiwedi imodzimodzi paliponse, ndipo vuto limenelo zaulerezi zimalithetsa bwinobwino.

Musaganizenso kuti mukalipira ndiye kuti mwagula loko wosathyoka. Mu 2022 akuba a pa intaneti analowa m'makompyuta a LastPass, imodzi mwa makampani odziwika kwambiri pa ntchitoyi, n'kukopera nkhokwe za mapasiwedi a makasitomala. Mapasiwedi anali otsekedwa, koma mayina a masamba omwe munthu aliyense amalowako anali poyera, ndipo amene pasiwedi yawo yaikulu yotsegulira nkhokwe inali yofooka ndiwo anakhala pa chiopsezo chachikulu. Ena mwa iwo anali olipira.

Komabe alamu anu ndikugwirizana nawo, ndipo chondigwirizanitsa nawo chili m'funso lanu lomwe: WhatsApp ija.

Taganizirani tsiku lomwe mmodzi wa atatuwo adzasiye ntchito, mwina mutasemphana mawu pa nkhani ya malipiro. Makiyi a shopu munthu amabweza m'manja, inu n'kuwawerenga. Nanga uthenga womwe munamutumizira chaka chatha mudzautenga bwanji? Uli m'foni mwake, mwinanso Chrome yake inasunga kale pasiwediyo. Kodi mukukumbukira maakaunti onse omwe munamupatsa? Ochepa kwambiri amakumbukira. Ndipo amene ali ndi pasiwedi ya imelo ya bizinesi ali ndi zonse, chifukwa mukadina poti mwaiwala pasiwedi ya Instagram kapena ya kumene mumaoda katundu, uthenga wosinthira umapita ku imelo komweko.

Apa ndi pomwe zaulere zimaperewera. Zinapangidwira munthu mmodzi ndi banja lake. Ya Google imalola kugawana pasiwedi ndi okhawo omwe ali m'gulu lanu la banja, pamene ya Apple imayenda bwino ngati nonse muli ndi iPhone kapena Mac. Mapulogalamu olipira a bizinesi, monga a 1Password ndi Bitwarden, amakupatsani inu udindo woyang'anira: mumagawa nkhokwe zingapo, woyankha makasitomala n'kumaona za Instagram zokha, wowerengera katundu n'kumaona zake zokha. Wina akachoka mumamufufuta kamodzi, ndipo pulogalamuyo imakuonetsani zomwe ankatha kutsegula. Ndinene mosabisa kuti mapasiwedi omwe anawaona mudzayenerabe kuwasintha, pakuti munthu akhoza kukopera pa pepala. Kusiyana kwake n'kwakuti mudzakhala mukudziwa kuti ndi ati.

Pa ndalama, kumbukirani kuti nthawi zambiri amalipiritsa munthu aliyense payekha, mwezi ndi mwezi kapena pachaka. Inu muli anayi, choncho chulukitsani mtengowo kanayi, kenako muuyerekeze ndi zomwe mumagulitsa pa sabata imodzi kudzera pa Instagram. Ngati tsambalo litalandidwa kwa sabata, chingakupwetekeni kwambiri n'chiti? Kwa ogulitsa ambiri a pa intaneti yankho limaonekeratu. Ngati ndalama zili zothina, yambani ndi Bitwarden yaulere, yomwe imalola anthu awiri kugawana nkhokwe, muone ngati mukuizolowera musanalipire.

Palinso njira ina yosalira ndalama yomwe ambiri saidziwa. Kudzera mu Meta Business Suite mukhoza kupatsa wantchito aliyense chilolezo chogwira ntchito pa Facebook ndi Instagram ya bizinesi atalowa ndi akaunti yakeyake, osamuuza pasiwedi yanu n'komwe. Akachoka mumangomuchotsa. Paliponse pomwe njira yotereyi ilipo, iposa kugawana pasiwedi, kaya mwalipira kaya ayi.

Pasiwedi ya ku banki yokha isalowe m'nkhokwe ya onse. Imeneyo ndi yanu, mayi, ngakhale wantchitoyo atakhala wokhulupirika chotani.

Mukaganiza zosamuka, samalani zinthu ziwiri. Chrome imatulutsa mapasiwedi onse m'fayilo ya CSV yosatsekedwa, yomwe aliyense woitsegula akhoza kuiwerenga ngati kalata. Mukangomaliza kuilowetsa m'pulogalamu yatsopano ifufuteni, ndi m'bini momwe. Chachiwiri, pasiwedi yaikulu yotsegulira nkhokwe kampani siisunga, ndiye mukaiiwala sangakukumbutseni. Ipangeni ya mawu anayi kapena asanu osagwirizana, muilembe pa pepala n'kuisunga pamodzi ndi zikalata zanu zofunika. Ngati mwasankha 1Password, lembaniponso Secret Key, kodi yachinsinsi yomwe adzakupatseni polembetsa.

Koma musanachite zonsezi, lero lomwe sinthani pasiwedi ya imelo ya bizinesi, muyatsenso chitetezo chachiwiri chija chofuna kodi ya pa foni polowa, ndipo foni yake ikhale yanu.