Zomugwira anthu atatuzo zisiyeni, ndinaziona ndi Bruno wanga

Achemwali, mwafunsa za kuwenga zikhadabo za galu wanu. Zomwe akuuzanizo, zoti muitane anyamata adzamupanikize, zisiyeni, chonde. Ine ndinamvera malangizo omwewo, mpaka lero galu wanga Bruno akaona chonyezimira m'manja mwanga, ngakhale supuni, amakabisala kunsi kwa galimoto.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Chilomoni. Zikhadabo za Bruno zinatalika moti akamayenda pakhonde zinkachita kumveka pasimenti. Alamu anga anabwera ndi munthu wina, eti katswiri, amasamala agalu a mabwana ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe. Katswiriyo anatulutsa m'thumba chodulira mawaya cha amagetsi, chadzimbiri. Ine kupusa kwangako ndinangokhala duu. Anamugwetsa pansi, wina bondo pakhosi, wina wakoka miyendo yakumbuyo, pakamwa anamanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Galuyo akunjenjemera thupi lonse, maso ali pa ine. Zikhadabo za Bruno ndi zakuda, mtsempha wa mkati suoneka, koma munthuyo osayang'ana n'komwe, anangodula pakati penipeni. Kulira kwake sindidzaiwala. Anakodza pompo, magazi chuchuchu. Ndikuti basi siyani, iye wadula kale chachiwiri, eti "agalu ndi mantha chabe madamu, sizipweteka." Sizipweteka? Bwanji sanayambe ndi chala chake?

Mphira uja utavuka Bruno analuma alamuwo padzanja n'kuthawira m'nyumba, mapazi a magazi kuyambira pakhonde mpaka kuchipinda cha ana. Mankhwala oletsa magazi katswiriyo analibe. Anatipulumutsa ndi mayi oyandikana nafe, anabwera ndi ufa woyera m'kambale, tinaviika zalazo mu ufamo n'kufinya ndi kansalu mpaka magazi anasiya. Kenaka munthu uja n'kumati ndimulipire, kuphatikizapo ya minibasi. Ndinamupatsa kuti angochoka, ndipo zimandiwawabe mpaka pano. Mwayi wake Bruno anali atabayidwa katemera wa chiwewe, apo ayi alamuwo akanandisowetsa mtendere.

Inu yambani ndi kumugwira mapazi chabe, madzulo akatopa, uku mukumupatsa bonya kapena kachidutswa ka chiwindi. Chowengeracho chizingokhala pafupi, achinunkhize, sabata yonse osadula kanthu. Kenaka chikhadabo chimodzi patsiku, kansonga kokha. Ngati ndi zoyera mtsempha mudzauona, umafiirira mkatimo, musaufikire. Zakuda muziwenga pang'onopang'ono, mukaona kadontho kakuda pakati pa pomwe mwadulapo lekezani pomwepo. Mukamawenga pafupipafupi mtsemphawo umabwerera wokha m'mbuyo. Musaiwale kachala kam'mbali kaja, kamene kali chapamwamba pa phazi, sikakhudza pansi ndiye sikaperepeseka, kamapindika mpaka kulowa m'nyama. Ufa ukhale pafupi musanayambe.

Komabe akavuta kwambiri musamukakamize, chifukwa galu wamantha amaluma ngakhale mwini wake. Musavutike nokha, pitani naye kwa dokotala wa ziweto weniweni, iwo ali ndi mankhwala omufatsitsa. Ine kunena zoona chichitikireni zimenezija sindinamuwengenso. Ndimangoyenda naye pamsewu wa tara m'mamawa dzuwa lisanatenthe, zimaperepeseka zokha, kachala kam'mbali kokha ndi komwe amakadula adokotala. Alamu aja akafika pageti amayamba ayimba foni kuti ndimumange kaye Bruno.